Ulendo wokajambula agogo

Lolemba, pa phiri la Zomba

Kamera ndanyamulayi si yanga. Ndi ya sukulu, Nikon D3200 yakale imene yadutsa m'manja mwa ophunzira ambirimbiri mpaka lamba wake anasuluka. Ndasayina m'buku kuti ndidzabweza Lolemba likubwerali dzuwa lisanalowe. Pondipatsa, aphunzitsi athu anazungulitsa kagudumu ka pamwamba mpaka pa chilembo cha M, n'kumatapo kaselotepi. Anati, "Tepiyi ndikadzaipeza itamatulidwa, ndidzadziwa kuti zithunzizo yajambula ndi kamera, osati inu." Choncho sabata yonse ino manambala onse ndisankha ndekha, ndipo pobwerera ndikapereke zithunzi 12. M'chikwama muli malenzi awiri: ya 18–55mm yobwera ndi kamerayi, ndi ya 50mm imene mnzanga wa m'kalasi wandibwereka atandilumbiritsa kuti ndiisamala.

Pali chifukwa china chimene sindinawauze aphunzitsi. Agogo anga aakazi, obereka mayi anga, amakhala kwa Chembe ku Cape Maclear, ndipo pa banja lathu lonse palibe amene ali ndi chithunzi chawo chooneka nkhope. Zithunzi zilipo, za pa zinkhoswe ndi pa maukwati. Mpango umaoneka, maluwa a pa chitenje amachita kuwerengeka, koma pankhope pali bii, ngati munthu amene waima kuseri kwa chitseko. Agogowo ndi akuda kwambiri, khungu losalala lokongola, ndipo msinkhu wapita. Ndikufuna ndikafike kwawo Lachisanu nditadziwa chochita.

Lero ndayambira pafupi. Ndinakwera njinga yamoto mpaka ku damu la Mulunguzi, kenako wapansi kulowera ku mathithi a Williams. Kunali kozizira, anyamata ogulitsa masitiroberi atabisa manja m'khwapa. Ndinasankha madzi chifukwa madzi satopa kudikira wophunzira.

M'kalasi tinaloweza mawu atatu, aperture, shutter ndi ISO, koma lero ndi pamene andilowa m'mutu. Kamera ili ngati chipinda chamdima chokhala ndi khomo limodzi. Aperture ndi kukula kwa khomolo. Shutter ndi chitseko chake, ndipo funso n'lakuti chikhala chitsegulire nthawi yaitali bwanji. ISO ndi kukweza mphamvu ya kuwala kumene kwalowako, monga timakwezera wailesi: mawu amakwera, koma kusokosera nakonso kumakwera, chithunzi n'kutuluka ngati wachiwaza mchenga. Chimene chandizunguza mutu chaka chonse ndi manambala a khomo, poti f/2 ndi khomo lalikulu pamene f/16 ndi kabowo. Nditakhala pamwala ndinawerengetsa ndekha, n'kupeza kuti nambalayo ndi yogawira. Lenzi ya 50mm ukaigawa ndi 2, bowo lake ndi mamilimita 25. Ukaigawa ndi 16, latsala mamilimita atatu okha ndi pang'ono. Nkhani yonse ndi imeneyo basi.

Pa shutter ya 1/1000 ya sekondi madontho anaima m'malere, lililonse palokha ngati mikanda. Nditatsitsa kufika pa 1/4 ya sekondi, madzi anasanduka ulusi woyera woyenderera pamiyala, koma miyala nayonso inagwedezeka, chifukwa palibe dzanja la munthu limene lingagwire kamera phee kwa nthawi yotero. Sitandi ndilibe. Ndinapinda chitenje, n'kuyala pamwala, n'kukhazikapo kamera, n'kuitchera kuti ijambule yokha pakatha masekondi awiri chala changa chitachokapo. ISO 100, f/16, ndipo ndinadikira mtambo uphimbe dzuwa kuti poyera pasapserere. Chinatheka. Ndinakuwa ndekhandekha m'nkhalangomo.

Madzulo ndinafika pa Emperor's View, malo otchulidwa pokumbukira kubwera kwa Haile Selassie wa ku Ethiopia. Phiri la Mulanje silinaoneke, utsi wa moto wa tchire wa mwezi uno wa Ogasiti unali utakuta chigwa chonse. Nyanja ya Chilwa inkangoti mbuu chapatali. Mawa ndili kumeneko.

Lachiwiri, pa doko la Kachulu

Lero ndikulemba mtima ukuwawa.

Ndinanyamuka 4 koloko mbandakucha pa galimoto ya matola ya ogula nsomba, titakhalira madengu ndi mabeseni, fumbi lili koboo. Tinafika kum'mawa kukufiira. Pa Kachulu dzuwa limatulukira kutsidya kwa madzi, cha kumene kuli chilumba cha Chisi, ndiye aliyense wobwera pa bwato amabwera dzuwa lili kumsana. Zithunzi zoyamba zinandisangalatsa: mabwato akuda, anthu akuda ataimirira ndi nsungwi zawo zazitali zokankhira pansi, madzi ali psuu ngati moto. Kuwala kotere kuno kwathu sikukhalitsa. Dzuwa limakwera chowongoka, silizengereza m'munsi monga limachitira ku maiko ozizira, ndipo pasanathe mphindi 30 kufiira konse kwatha, kwangotsala kuyera kothobwa m'maso.

Chilwa ndi nyanja yopanda potulukira madzi, yosaya, ya madzi amchere pang'ono. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 anthu anayenda wapansi pamene pankadutsa mabwato. Asodzi ena amakhala masabata m'zimbowera, timisasa tomanga pa njedza pakati pa madzi. Zonsezi ndinkazidziwa, moti ndinafika chithunzi cha anthu a kuno chili kale m'mutu mwanga. Kulakwa kwanga kunayambira pamenepo.

Ndinaona mayi wina akusankha matemba pa chiguduli, mwana ali kumbuyo, kuwala kukuwagwera bwino. Ndinakweza kamera osalankhula kanthu. Anatukula dzanja.

"Iyayi achemwali, tsitsani chimenecho. Mwatipatsa moni?"

Manyazi anandigwira. Ndinapepesa, ndinapereka moni, ndinafotokoza kuti ndine mwana wa sukulu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, koma anakanabe. Anati nyanja itaphwa kunabwera anthu ambiri a makamera, ndipo ankalambalala ana ovala bwino n'kumasankha wa malaya ong'ambika. "Zithunzizo zinapita kuti? Ife sitinazione." Ndinasowa choyankha. Ndinaika kamera m'chikwama, n'kukhala nawo pansi kuthandiza kuchotsa zinyalala m'matembamo pafupifupi ola lathunthu. Sindinawajambule, ndipo sindinapemphenso.

Amene anavomera ndi bambo wina wachikulire wosoka ukonde pansi pa msasa. Anakonza kolala, anakhala tsonga, nyanja ikunyezimira kumbuyo kwawo. Ndinasintha manambala mpaka kamzere ka mita yoyezera kuwala kafika pa 0 ndendende monga tinaphunzirira, n'kujambula.

"Tandionetsani, mwana wanga."

Anayang'ana kagalasiko nthawi yaitali. Nyanja inatuluka bwino, ukonde unatuluka bwino, nkhope ili bii.

"Apa mwajambula mthunzi wanga. Mwini wakene mwandisiya."

Mawu amenewa andikhala pamtima tsiku lonse, poti ndi zomwe zija za agogo. M'chinenero chathu chithunzi ndi mthunzi ndi ana a bere limodzi, ndipo lero ine ndinatenga wolakwikayo.

Usiku uno ndabwereza zolemba za m'kalasi ndipo ndaona pamene panapindika. Mita ya m'kamera sidziwa munthu, sidziwa nyanja. Chilichonse chimene yaona imafuna kuchisandutsa chotuwa ngati phulusa, chapakatikati pa choyera ndi chakuda. Ikaona madzi owala atadzaza chithunzi, imati kwawalitsa, n'kukuuza kuti uchepetse. Ukamvera, madzi amakhala bwino, koma nkhope imene inali kale mumthunzi imamira. 0 uja ndi maganizo a makina chabe. Ndikanayenera kuyeza kuwala kwa pankhope pawo pokha, kapena kuwapempha atembenuke kuti kuwala kuwadzere cham'mbali. Nthawi imeneyo nzeruzi zinali zisanabwere, ndipo galimoto yobwerera inali ikuliza kale hutala.

Lachitatu, Liwonde

Ndalama zambiri za ulendo uno zathera pa boti la lero, maola awiri pa mtsinje wa Shire m'nkhalango ya Liwonde, imene kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi African Parks mogwirizana ndi boma. M'botimo munali alendo okhala ndi malenzi aatali ngati musi. Yanga imathera pa 55mm. Nkhwazi itatera pa nthambi youma, iwo anajambula diso lake, ine ndinajambula kadontho koyera pa mtengo. Kwa theka la ola ndinkangolimbana ndi zimene lenzi yanga singathe, mtima ukundipweteka.

Kenako woyendetsa boti anazimitsa injini. Njovu zisanu ndi imodzi zinkatsikira kumadzi, kumbuyo kwake migwalangwa italiitali, kuseri kwa migwalangwayo mapiri otuwa ndi utsi. Ndinabwerera pa 24mm n'kulola njovuzo zikhale zazing'ono m'munsi mwa chithunzi, dziko lawo lonse lili pamwamba pawo. Anzanga aja sakanatha kujambula chimenecho osasintha kaye lenzi. Ndikuganiza kuti chilowa pa 12 paja.

Boti limanjenjemera ngakhale likuoneka ngati laima, ndiye sindinatsike pa 1/500, ndipo mbalame youluka imafuna 1/1000 kapena kuposa apo. Dzuwa litapendeka ndinakweza ISO kufika 800 kuti liwirolo lisagwe. Kamchenga pachithunzi n'kopiririka kusiyana ndi chithunzi chogwedezeka. Mvuu inayasamula kawiri, ndipo kawiri konseko ndinali nditaweramira kagalasi kuona chithunzi chimene chapita kale. Chizolowezi chimenechi ndiyenera kuchileka.

Lachinayi, Mangochi

Minibasi inachedwa kudzaza, ndiye ndinafika pa boma dzuwa lili paliwombo, nthawi yoipitsitsa kujambula munthu: maso amalowa m'maenje akuda, mphuno imagwetsa mthunzi pakamwa, chipumi chimang'anima. Ndinaima pa nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, n'kuyesa lamulo lakale lija lakuti dzuwa likawala bwino uike f/16 ndipo liwiro lifanane ndi ISO. Ndinaika ISO 100 ndi 1/100, mita osaiyang'ana n'komwe, ndipo chinatuluka bwino. Dzuwa ndi lomwe lija, silinasinthe chiyambire makamera.

Koma za lero zenizeni zinachitikira m'kasitudiyo kena kuseri kwa msika, mmene ndinalowa kukapempha kutchaja batire. Mwini wake ndi bambo wa imvi. Masiku ano amajambula zithunzi za ziphaso, koma pakhoma pakadali nsalu yojambulidwa nyumba yosanja ndi maluwa imene anthu ankaima patsogolo pake kale. Ataona tepi ija anamwetulira, n'kufunsa amene anamata. Ndinawaonetsa chithunzi cha bambo a ku Kachulu.

"Nthawi ya filimu mukanalira," anatero. "Filimu imodzi zithunzi 36, kutumiza ku Blantyre kukatsukitsa, kudikira, kenako mwini ukwati abwere adzapeze nkhope zosaoneka. Akanakulipirani ndani? Tabwerani nalo kuno dzanja lanulo."

Ananditulutsa panja, n'kunditembenuza chikhatho kuti kuwala kugwerepo monga kungagwere pankhope ya munthu. Anati chikhathocho chidzaze m'kamera monse, ndiike mita pa 0, kenako ndionjezere kuwala sitepe imodzi, monga kuchoka pa f/8 kupita pa f/5.6. Chikhatho cha munthu, wakuda kaya woyera, sichisiyana kwenikweni kuwala kwake, ndipo chimaposa phulusa limene mita imafuna lija pafupifupi kawiri. Ukayeza pamenepo wayeza kuwala kwenikweniko, osati malaya kapena nyanja ya kumbuyo.

Chachiwiri chimene anandiuza ndachilemba m'kope ndi zilembo zikuluzikulu: khungu lakuda limaoneka ndi kunyezimira kwake. Limabweza chinthu chowala chimene layang'anizana nacho, monga amachitira madzi a mumtsuko. Kuwala kukachokera pamalo amodzi aang'ono, monga dzuwa la masana kapena fulashi, pamatuluka kadontho kong'anima, kwina konseko mdima. Kukachokera pa chinthu chachikulu chowala mofewa, thambo lonse kapena khoma loyera, nkhope yonse imadzuka. Ndinafuna kuwalipira za batire, anakana.

Usiku uno ndawerenga pa foni za khadi la kampani ya Kodak limene malo otsukira zithunzi ankayezera mitundu kuyambira m'ma 1950, lokhala ndi mzimayi wachizungu amene ankangomutcha Shirley. Makina akatulutsa bwino khungu lake, ankati zonse zili bwino. Khadi lokhala ndi amayi a khungu losiyanasiyana linadzabwera m'ma 1990. Zinandipweteka. Koma zinandikumbutsanso Mungo Murray Chisuse, munthu wa kwathu konkuno amene anali ndi situdiyo yake ku Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amene anajambula John Chilembwe ndi banja lake. Pa zithunzi zimenezo nkhope zikuoneka, maso akuoneka, ulemu wa munthu ukuoneka. Ngati iye anatha ndi zipangizo za nthawi imeneyo, ine ndilibe pothawira.

Lachisanu, kwa Chembe

Kuchokera pa mphambano ya pafupi ndi Monkey Bay ndi makilomita ngati 18 okhotakhota m'mapiri a Lake Malawi National Park, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Wa njinga yamoto anavomera kuima pa Mwala wa Mphini, thanthwe lija lokhala ndi mizere ngati mphini za pankhope za amayi akale. Kuwala kwa 3 koloko kunkadzera cham'mbali, mzere uliwonse uli ndi mthunzi wake. Masana enieni mizereyo ikanazimirira.

Agogo ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Ndinagwada, anandigwira mutu ndi manja onse awiri.

"Wawonda iwe. Kusukuluko sakupatsani nsima?"

Nditadya, nditaperekanso moni wa anthu onse a ku Zomba mmodzimmodzi, ndinatulutsa kamera. Anaiyang'ana, n'kuyang'ananso chitenje chawo chogwirira ntchito.

"Lero ayi. Ukufuna adzukulu ako adzandione chonchi? Lamulungu, tikaweruka ku tchalitchi."

Sindinaumirize. Mayi a ku Kachulu aja anandiphunzitsa kale.

Mudzi wa Chembe uli ndi mwayi umene magombe ambiri a mbali yathu ino alibe: dzuwa limalowera pamadzi, cha kumene kuli chilumba cha Thumbi. Gombe lonse linali mafoni m'mwamba. Litangomira anthu anabalalika, koma ine ndinatsala, chifukwa aphunzitsi amati mphindi 15 zotsatirazo n'zimene zimanyamula mitundu. Thambo linafiirira, kenako linasanduka labuluu wozama, ana akusambira, amayi akutsuka mapoto, ndipo onse ankaoneka nkhope pang'ono, osati mithunzi yokha. Ndinatsamira bwato, zigongono ndinazipanikiza m'nthiti, mpweya ndinaugwira, 1/60 pa ISO 1600.

Dzina loti Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone mu 1861 polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Pa maulendo amenewo panali John Kirk, dokotala amene ankajambulanso zithunzi pa mapepala opaka mankhwala, chithunzi chimodzi lenzi ikumakhala chitsegulire kwa mphindi zingapo. Ndinamuganizira pamene ndinkadandaula ndi 1/60 yangayo.

Loweruka

Sindinagone. Mwera unaleka madzulo, mwezi uli mumdima, ndiye amalume anati lero ndi lero, usipa ulipo. Iwo ndi siginala, munthu amene amakhala m'bwato la nyali kukopa usipa kuti usonkhane pamodzi, alovi n'kuuzungulira ndi chilimila. Kale zinali nyali zopopa za palafini, lero ambiri ndi mababu a batire. Ndinapempha kupita nawo.

"Ayi mphwanga. Kamera ya eni ake pamadzi usiku? Khala kumtunda, utiona bwino uli komweko."

Ananena zoona. Pofika 9 koloko nyali zinali zitandandalika kutali pamadzi ngati tauni yomera usiku umodzi, pamwamba pake Mlalang'amba utadutsa thambo lonse. Kamera inalephera kupeza poyang'ana, lenzi ikungopita uku ndi uku. Ndinazimitsa autofocus, imene imachititsa kamera kudzipezera yokha poyang'ana, n'kukulitsa nyali imodzi yakutali pa kagalasi, n'kumapotokola lenzi ndi zala mpaka nyaliyo inasanduka kadontho kakuthwa. Kamera ndinaikhazika pa bwato lovundikira, pansi pake sokosi yodzaza mchenga. Pa masekondi 30 nyenyezi zinatuluka ngati timizere, poti dziko likuzungulira ngakhale ife sitimva. Pali kawerengedwe kake: 500 kugawa ndi utali wa lenzi, koma pa kamera ngati iyi utaliwo uyambe wauchulukitsa ndi 1.5. Pa 18mm zimapereka masekondi 18. Ndinaika 15, f/3.5, ISO 3200. Chithunzi chitatuluka, ana amene anandizungulira anati "Eee!" onse pamodzi, chifukwa munali nyenyezi zochuluka kuposa zimene maso athu ankaona. Nyali za asodzi zinasiya tinjira tokhotakhota chifukwa cha mafunde, ndipo ndatisiya choncho, poti kamodzi mwa tinjirato ndi amalume.

Mabwato anakocheza kukucha. Usipa watsopano pa thandala umanyezimira ngati ndalama zachitsulo, ndipo chonyezimira chimapserera msanga: pa kagalasi malo onse opserera ankaphethira kundichenjeza kuti pamenepo palibe chatsala. Ndinachepetsa kuwala, n'kugwada kuti ndijambule motsata thandalalo, dzuwa litangotulukira pa phiri likudzera m'mbali. Akazi awo a amalume ankafutsa usipa wina mumphika waukulu, nthunzi ikukwera, dzuwa likuiwalitsa kuchokera kumbuyo. Ndinapempha kaye. Anati, "Jambula, koma unditumizire pa WhatsApp." Ndinayeza chikhatho changa m'kuwala komwe kunali pankhope pawo, n'kuonjezera sitepe imodzi. Kumbuyo kunayera kwambiri, koma nkhope inatuluka yonse, thukuta ndi kumwetulira komwe. Ndi nkhope yoyamba imene ndaitha sabata ino. Ndachikopera mu foni n'kuwatumizira madzulo ano, osadikira kukafika ku Zomba.

Lamulungu

Anatuluka m'tchalitchi atavala bulauzi yoyera mbee ndi mpango woyera, ndipo mtima wanga unagunda. Choyera chotero pambali pa khungu lakuda, pa dzuwa la 11 koloko: ukasamala nsalu nkhope imira, ukasamala nkhope nsalu ipserera. Iwo anali atasankha kale malo, pakati pa bwalo, pamene odutsa angaone kuti lero akujambulidwa.

"Agogo, ndikupempha tisunthire pakhomo."

"Mumdima muja? Ndiye undiona bwanji?"

"Mungondikhulupirira lero lokha."

Ndinaika mpando pakhomo, chakum'kati pang'ono, iwo atayang'ana kunja. Dzuwa silinkawakhudza. Chinkawaunikira ndi thambo lonse la kutsogolo kwawo ndi mchenga wa pabwalo, ndipo kumbuyo kwawo chipinda chinali chakuda, moti mpango unaonekera wokha bwinobwino, bulauzi inaleka kuthobwa. Koma pansi pa chibwano ndi m'maso munali mdimabe. Ndinamwaza maso kufuna choyera chachikulu. Pambali pa khitchini panali mphasa ya ufa woyera umene akazi a amalume anayanika. Ine ndi msuweni wanga tinaikoka mosamala, wina ngodya iyi wina iyo, mpaka padzuwa patsogolo pa khomo. Ufa uja unalandira dzuwa n'kulibweza m'mwamba mofewa, ndipo ndinaona ndi maso anga, ndisanagwire n'komwe kamera, masaya a agogo akudzuka, timakwinya ta m'mbali mwa maso tikuoneka, m'diso lililonse muli kanyenyezi.

Lenzi ya 50mm, f/2.8, 1/250, ISO 200. Chikhatho, sitepe imodzi, kenako ndinabweza pang'ono chifukwa phewa la bulauzi linkaphethira. Ndinaloza pa diso lawo lapafupi. Pa zithunzi zoyamba anauma ngati pa chiphaso, milomo ili chitsekere, manja pa mawondo. Ndinatsitsira kamera pachifuwa n'kuwafunsa za ulendo wawo woyamba pa sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, nkhani imene ndaimva kambirimbiri. Anayamba kufotokoza. Anafika pamene malemu agogo aamuna anagwidwa chizungulire mwera utakula n'kulumbira kuti pobwerera ayenda wapansi, anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anakhala chete maso ali kunyanja. Pamenepo ndinajambula katatu.

Ndinagwada pambali pawo n'kutchinga kagalasi ndi dzanja. Anaitanitsa magalasi awo a maso. Anayang'ana nthawi yaitali kuposa bambo a ku Kachulu aja, ine ndikumva mtima wanga ukugunda m'makutu. Anakhudza kagalasiko ndi chala, pa tsaya.

"Awa ndi amayi anga," anatero motsitsa. "Chipumi ichi. Pakamwa apa."

Amayi awowo anamwalira mayi anga asanabadwe, ndipo sanajambulidwepo. Msuweni wanga anasiya kuseka. Agogo sanabweze kamera msanga, ndipo ine sindinaitanitse.

Madzulo ano andipatsa malangizo. Chitsukidwe chachikulu, osati ka m'thumba. Chikhale m'felemu ya galasi. Chimodzi cha pakhoma pano pamwamba pa wailesi, chimodzi cha mayi anga, chimodzi cha mayi aang'ono a ku Johannesburg. Ndalemba zonse. Ndasankhanso za aphunzitsi, zabwino zakwana 11. Cha 12 ndaika cha bambo a ku Kachulu, chakuda chomwecho, ndipo ndikapempha kamerayi Loweruka lina kuti ndibwerere pa doko paja m'mawa. Tepi ikadali pomwe anaimata. Galimoto ya ku Monkey Bay imanyamuka 5 koloko, ndipo agogo andimangira kale usipa mu nyuzipepala.